Ntchito yoongolera ndege ichoke m'boma? Inde, koma isagulitsidwe kwa ofuna phindu

Makina a pa nsanja zoongolera ndege akangozima ku America, kapena ndege zikachedwa tsiku lonse, mkangano wakalekale umadzukanso wakuti ntchito yoongolera ndege mumlengalenga ichotsedwe m'manja mwa boma. Ena amaombera m'manja. Ena amati ndiye kuti miyoyo ya anthu yaikidwa pamsika. Maganizo anga ndi akuti anthu amatha mawu pa liwu lakuti kugulitsa, n'kuiwala kufunsa za thumba: ndalama zoyendetsera ntchitoyi zimachokera kuti, zimafika liti, ndipo wogwira chingwe cha thumbalo ndani.

Tione kaye ntchito yomwe tikukanganirayi. Ndege yochoka ku Chicago kupita ku Denver imadutsa m'manja ambiri. Pa nsanja pali woipatsa chilolezo cha njira, wina woilondolera pansi mpaka pamsewu wonyamukira, wina woiuza kuti nyamuka. Ikangokwera imalandiridwa ndi chipinda cha radar choyang'anira dera lozungulira bwalolo, chimene kumeneko amachitcha TRACON, kenako imapita kwa malo akuluakulu oyang'anira m'mwamba ndithu, omwe alipo oposa 20 m'dzikomo. Lamulo lake ndi lakuti ndege ziwiri zitalikirane mailosi 5 apanyanja zikakhala m'mwamba, mailosi 3 pafupi ndi bwalo, apo ayi ina ikhale mafiti 1,000 pamwamba pa inzake. Bungwe la boma loona za ndege ku America, la FAA, limachita zimenezi pa maulendo pafupifupi 45,000 tsiku lililonse.

Mwaona kuti woyendetsa ndege alibe chosankha? Sanganene kuti oongolera a dera lino ndi odula, ndilankhula ndi ena. Mlengalenga umodzi, woongolera mmodzi. Choncho mfundo ija yomwe anthu amakonda, yakuti mpikisano utsitsa mitengo, pano siigwira. Aliyense amene angatenge ntchitoyi adzakhala yekha pamsika, ndipo wogulitsa amene ali yekha pamsika amafunika womuyang'anira wamaso.

Komabe amene akufuna kusintha ali ndi chifukwa chomveka. FAA imavala zipewa ziwiri: ndi yomwe imayendetsa ntchitoyi, ndi yomwenso imaweruza ngati ikuyenda motetezeka. Bungwe la ICAO, loona za ndege padziko lonse, limalangiza kuti ntchito ziwirizi zilekanitsidwe, ndipo mayiko ambiri olemera anachita kale zimenezo. New Zealand inayamba mu 1987.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa ndi la bajeti. Wokwera ndege ku America amalipira msonkho wa 7.5 peresenti pa tikiti, ndipo ndalamazo zimalowa m'thumba la Airport and Airway Trust Fund lomwe linakhazikitsidwa mu 1970. Ndalama zilipo, koma FAA singazigwire pokhapokha aphungu a Congress avomereze chaka ndi chaka. Pakati pa 2007 ndi 2012 aphunguwo analephera kugwirizana pa lamulo lanthawi yaitali, ndipo bungweli linayenda ndi zilolezo zongoyembekezera zokwana 23. Mu Epulo 2013 bajeti itadulidwa, oongolera ndege anauzidwa kuti azikhala kunyumba masiku ena, ndege n'kuyamba kuchedwa sabata yomweyo. Boma litatseka ntchito zake zambiri kwa masiku 35 kuyambira Disembala 2018 chifukwa chosagwirizana pa bajeti, oongolera anagwira ntchito osalandira malipiro, sukulu yawo ya ku Oklahoma City inatsekedwa, ndipo pa 25 Januwale 2019 ndege zopita ku bwalo la LaGuardia ku New York zinaimitsidwa chifukwa antchito anachepa. Mu 2025 boma linatsekanso masiku 43, FAA mpaka inalamula kuti maulendo achepetsedwe pa mabwalo 40.

Ganizirani tsopano kugula makina mwa njira imeneyi. Kusintha ma radar, mawailesi ndi makompyuta a dziko lonse ndi ntchito ya zaka zambiri. Kampani ikanakongola ndalama zonse nthawi imodzi, kugula, kuika, n'kumabweza pang'onopang'ono. FAA siiloledwa kukongola motero. Imagula chidutswa chaka chino, chidutswa china chaka chamawa ngati aphungu akondwa, ndipo pomwe malo omaliza akulandira makinawo amakhala atakalamba kale. Nthawi yonseyi akale ndi atsopano amayenera kugwira ntchito limodzi, ndiye kuti mukulipira kukonza mitundu iwiri. Mu 2024 ofesi ya GAO, yolondoloza ndalama za boma, inapeza kuti pa makina 138 a FAA, 51 anali oti sangapitirire kusamalidwa. Pa 11 Januwale 2023 kompyuta yotumiza machenjezo a NOTAM kwa oyendetsa ndege inagwa ogwira ntchito a kontilakitala atafufuta mafayilo mosadziwa, ndipo ndege zonse m'dzikomo zinaletsedwa kunyamuka, koyamba chichitikireni za 11 Sepitembala 2001. Pa 28 Epulo 2025 oongolera ndege zotera ku Newark anangoona masikirini achita bii kwa kanthawi, ndege zili m'mwamba.

Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Canada, ndipo n'choyenera kuchimvetsa bwino chifukwa ambiri amachitchula osadziwa mmene chinapangidwira. Pa 1 Novembala 1996 Nav Canada inagula ntchito yonse kuchokera ku boma pa mtengo wa madola a ku Canada 1.5 biliyoni. Ilibe masheya, ilibe mwini wodikira phindu. Imalipiritsa ndege zomwe yaongolera, imakongola pa msika wa ndalama, ndipo lamulo limailetsa kuika mitengo yoposa zomwe ikufunikira poyendetsa ntchito. Pa bodi yake ya anthu 15, makampani a ndege amasankha anayi, boma atatu, mabungwe a ogwira ntchito awiri, eni ndege zing'onozing'ono mmodzi, anayi ndi oima paokha, womaliza ndi mkulu wa kampaniyo. Palibe gulu lomwe lingapambane voti palokha. Kuweruza za chitetezo kunatsala ku boma, ku Transport Canada. Chipatso chake chooneka ndi ntchito ya Aireon: pogwirizana ndi kampani ya masetilaiti ya Iridium anaika zolandirira mauthenga a ndege pa masetilaiti 66, ndipo kuyambira 2019 ndege zowoloka nyanja ya Atlantic, kumene radar siifika, zimaoneka pa sikirini. Mpata wa pakati pa ndege zotsatana unatsika kuchoka pa mailosi 40 kufika pa 14, ndiye ndege zambiri zimapeza njira ndi msinkhu wosamwa mafuta ambiri.

Koma thumba lodalira kuchuluka kwa ndege lili ndi chibowo chake. Ndege zikachepa, ndalama zimachepa, pamene radar ndi malipiro sizichepa. Nthawi ya Covid, makampani a ndege ali pa mavuto aakulu, Nav Canada inakweza mitengo ndi 29.5 peresenti mu Sepitembala 2020 ndipo inachotsa antchito mazanamazana. Ndege zitabwerera, anthu anapezeka ochepa.

Britain ndiye phunziro la zoyenera kupewa. Mu Julayi 2001 boma linagulitsa pafupifupi theka la NATS, bungwe loongolera ndege m'dzikomo, kwa gulu la makampani 7 a ndege, lokha n'kutsala ndi 49 peresenti, ndipo kugulako kunasenzetsa NATS ngongole yolemera. Patangotha miyezi iwiri kunachitika za 11 Sepitembala, maulendo owoloka Atlantic omwe ankabweretsa ndalama zambiri anagwa, ndipo mu 2003 boma ndi kampani ya mabwalo ya BAA anaikamo mapaundi 65 miliyoni aliyense kuti ipume. Ndipo musaganize kuti kuchoka m'boma ndi katemera wa kuzima kwa makina. Pa 28 Ogasiti 2023 kompyuta ya NATS inalandira ndondomeko ya ulendo yomwe inali ndi malo awiri a chizindikiro chimodzi, DVL, ena ku France ena ku North Dakota. Inalephera kusiyanitsa, inadzitseka kuti isapereke uthenga wolakwika, ndipo yothandizira, pokhala ndi pulogalamu yomweyo, inachita chimodzimodzi m'masekondi ochepa. Antchito anayamba kulowetsa ndondomeko pamanja. Okwera oposa 700,000 anasokonezedwa.

Germany inayenda njira ina: DFS, yoongolera ndege kumeneko, ndi kampani kuyambira 1993, koma masheya onse ndi a boma, ndipo mu 2006 pulezidenti Horst Köhler anakana kusainira lamulo loti ambiri mwa masheyawo agulitsidwe, ponena kuti likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Skyguide, yoongolera ndege ku Switzerland, nayo ndi kampani ya boma. Usiku wa pa 1 Julayi 2002, ndege ziwiri zitagundana pamwamba pa Überlingen n'kupha anthu 71, woongolera wa Skyguide anali yekha pa masikirini awiri, mnzake akupuma, foni ndi chenjezo lina la kugundana zili zozimitsidwa chifukwa cha ntchito yokonza makina. Dzina la mwini pa chikalata silinapulumutse aliyense. Chimene chikanathandiza ndi woyang'anira wakunja wofunsa kuti usiku mumakhala angati, nanga mukazimitsa makina mumaonjezera ndani.

Tsono chifukwa chiyani ku America nkhaniyi imafera panjira? Boma la Clinton linayesa mu 1994. Phungu Bill Shuster anabweretsa bilu mu 2016 ndi inanso mu 2017, Donald Trump anaiyamikira poyera mu Juni 2017, makampani ambiri a ndege anaifuna, ngakhale bungwe la oongolera ndege la NATCA linaivomereza chifukwa linatopa ndi kutseka kwa boma. Pofika Febuluwale 2018 inasiyidwa. Kuti mumvetse, onani mmene malipiro amawerengedwera kumene ndege zimalipira mwachindunji. Ku Ulaya, Eurocontrol, yomwe imatolera malipirowa m'malo mwa mayiko, imatenga makilomita a ulendo n'kugawa ndi 100, imatenganso matani omwe ndegeyo imaloledwa kulemera ponyamuka n'kugawa ndi 50, n'kupeza sikweya ruti yake, kenako ziwirizi zimachulukitsidwa ndi mtengo umene dziko laika. Ndege ya matani 50 pa makilomita 500 ilipira magawo 5. Ya matani 200 ilipira magawo 10: yalemera kanayi, yalipira kawiri kokha. Mfundo yake ndi yakuti pa sikirini ndege iliyonse ndi kadontho kamodzi. Kandege ka mabwana asanu ndi mmodzi kamadya nthawi ya woongolera mofanana ndi ndege ya anthu 180. Ku America ndege za mabwanazi zimangolipira msonkho wa mafuta, ndiye simungadabwe kuti mabungwe a eni ndege za mabwana ndi zing'onozing'ono, NBAA ndi AOPA, analimbana nayo biluyo mpaka mapeto, ngakhale ya 2017 inawachotsa pa malipiro atsopano.

Si mantha awo onse amene ali a dyera. Matauni ang'onoang'ono ankaopa kuti bodi yomvera makampani akuluakulu idzaika ndalama ku Atlanta ndi ku New York, nsanja zakumidzi n'kutsekedwa. Mantha amenewa ndi enieni. Chinanso chimene ine sindinachikonde pa mabilu a Shuster n'chakuti katundu yense, wogulidwa ndi misonkho ya anthu kwa zaka zambiri, ankati aperekedwe ulele. Canada inalipiritsa.

Ndipo pali chimene kusintha umwini sikungabereke: anthu. FAA ikusowa oongolera pafupifupi 3,000, ambiri akugwira masiku 6 pa sabata, maola 10 patsiku. Munthu amalembedwa asanakwanitse zaka 31, amapuma pa 56, ndipo kuti aloledwe kukhala yekha pa mpando wa malo otanganidwa pamapita zaka ziwiri, zitatu kapena kuposa. Womuphunzitsa ndi woongolera yemweyo wotopayo, atakhala pambali pake ndi chomvera chachiwiri. Ndalama sizifupikitsa zimenezi. Pulezidenti Reagan atachotsa ntchito oongolera oposa 11,000 omwe ananyanyala mu Ogasiti 1981, zinatenga zaka pafupifupi khumi kuti chiwerengero chibwerere, ndipo olembedwa nthawi imodziwo anadzapumanso nthawi imodzi.

Ndiye ine ndili mbali yakuti ntchitoyi ituluke mu FAA, ikhale bungwe lopanda masheya ngati la Canada, FAA itsale ndi ntchito yoweruza ndipo ipatsidwe mano ndi akatswiri okwanira. Wofuna phindu asayandikire, chifukwa pamalo pomwe palibe mpikisano phindu limachokera pa kukweza mtengo kapena kuchepetsa anthu pa shifiti. Lamulo lolikhazikitsa linene poyera kuti makampani a ndege sadzakhala ochuluka pa bodi, kuti nsanja siitsekedwa popanda chilolezo cha woyang'anira, kuti pakhale nkhokwe ya ndalama yokwanira kulipira antchito miyezi yambiri ndege zitachepa, komanso kuti ngongole yoyambira ikhale yopepuka. Penshoni za antchito ndi mgwirizano ndi asilikali, omwe amagwiritsa ntchito mlengalenga womwewo, zimalizidwe tsiku losamukira lisanafike. Kusamuka kwenikweniko kudikire mpaka chiwerengero cha oongolera chitakwera. Simusintha denga mvula ili mkati.

Ena adzati makampani omwe si aboma akuyendetsa kale nsanja zoposa 250 ku America kuyambira 1982 ndipo palibe chaopsa. N'zoona, koma zimenezo ndi nsanja za mabwalo ang'onoang'ono, ndipo ndalama zake zimachokerabe ku bajeti yomweyo ya FAA.

Pakadali pano boma la America lasankha kuthira ndalama m'malo mosintha kayendetsedwe. Ndege ya anthu itagundana ndi helikopita ya asilikali pafupi ndi bwalo la Reagan ku Washington pa 29 Januwale 2025, anthu 67 n'kufa, Congress inavomereza madola 12.5 biliyoni mu Julayi chaka chomwecho ogulira makina atsopano, ndipo nduna ya zamtengatenga Sean Duffy inanena kuti za kuchotsa ntchitoyi m'boma zingochedwetsa zinthu. Pa nthawi yake ali ndi mfundo. Koma ndalama zimenezo ndi za kamodzi, ndipo Duffy yemweyo anati ntchito yonse ikufuna zoposa 30 biliyoni. Zotsalazo, pamodzi ndi zokonzera makinawo chaka chilichonse ndi malipiro a owagwiritsa ntchito, zidzadikirabe voti ya aphungu omwe anatseka boma patangopita miyezi itatu chivomerezereni ndalamazo.