Mwambo wa madigiri uyambe, kuona malo kubwere pambuyo

Tchuthi chikagwera Lachisanu kapena Lolemba, ndipo m'masiku omwewo mwana wa m'banja akulandira digiri yake kutali, anthu ambiri amaganiza zochitira pamodzi zinthu ziwiri: kukakhala nawo pamwambowo ndiponso kuona malo ochititsa chidwi amene ali m'njira. Maganizo amenewa sindikuwatsutsa, pakuti mafuta a galimoto ndi omwewo, ndipo si kawirikawiri kuti banja lonse lipeze masiku atatu kapena anayi opanda ntchito. Chimene ndikukana ndi chizolowezi chomayamba ndi kuzungulira malo popita, n'kuika mwambo kumapeto ngati kuti ndi malo otsiriza oti akaonedwe.

Phiri silisamuka, ndipo mathithi adzakhala akugwabe chaka chamawa. Koma dzina la womaliza maphunziro limatchulidwa kamodzi kokha, ndipo iye amadutsa pansanja kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi, pambuyo pa zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo za kuwerenga usiku ndi kudera nkhawa za fizi. Amene wachedwa chifukwa tayala laphulika pamsewu wafumbi wopita kumalo okopa alendo alibe kumene angakapemphe kuti mwambo ubwerezedwe.

Tsiku la mwambo lili ndi zovuta zake zimene anthu amazinyozera. Womaliza maphunziro amafunika kufika msanga kuti atenge gauni ndi chipewa, ndipo m'sukulu zina amayeserera dzulo lake kalowedwe ka m'holo. Makhadi a alendo amakhala owerengeka, zitseko zimatsekedwa mwambo ukayamba, malo oimika galimoto amadzaza m'mamawa, ndipo malo ogona a m'tauni yonseyo amakhala atatengedwa kale ndi mabanja mazanamazana amene abwerera chinthu chomwecho. Choncho ndi bwino kufika kutatsala tsiku limodzi, n'kugona pafupi.

Palinso nkhani ya mtunda, imene mapu a pafoni amatinamiza nayo mosadziwa. Mapuwo amawerengera galimoto yosaima, pamene banja limaima kuthira mafuta, kudya, kupita kuchimbudzi, ndipo agogo akakhala m'galimotomo amafunika kuwongola miyendo pafupipafupi. Ulendo wa makilomita 600, ngati mukuyenda makilomita 75 pa ola mukaphatikiza zonse, ndi maola 8 athunthu. Onjezanipo malo awiri oti muone, lililonse lotenga maola awiri komanso lopatuka pamsewu waukulu, mudzapeza kuti dzuwa lalowa mudakali kutali, ndipo dalaivala amene anadzuka mbandakucha akuyendetsa mumdima.

Apa ndi pamene ndimaopa kwambiri. Lipoti la mu 2023 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo kutopa kwa madalaivala ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zoyambitsa ngozi. Kafukufuku wa ku Australia wa mu 1997 anapeza kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mochedwa mofanana ndi munthu amene mowa m'magazi mwake wafika 0.05 peresenti. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, kotero kuti dalaivala akasinza masekondi anayi okha, yadutsa mamita oposa 100 popanda woiwongolera. N'chifukwa chake malamulo apamsewu a ku Britain amalangiza kupuma mphindi zosachepera 15 pa maola awiri alionse. Kutsegula windo ndi kukweza wailesi sikuchotsa tulo, ngakhale ambiri timadzitonthoza nazo.

Mwambo ukatha, ulendo wobwerera umakhala womasuka, ndipo kuchedwa kwa ola limodzi sikupweteka aliyense. Chokondweretsa china n'chakuti womaliza maphunziro uja tsopano ali m'galimoto momwemo, mtima uli m'malo, ndipo m'maganizo anga ndi iyeyo ayenera kusankha kokaona. Malo amodzi kapena awiri oonedwa mofatsa amakwana. Kuthamangira malo asanu kumangobala zithunzi zambiri ndi mikangano ya m'galimoto.

Ena adzafunsa kuti nanga mwambo ukakhala tsiku lotsiriza la tchuthi, atani? Pamenepo pitani molunjika kutauni ya mwamboyo tsiku loyamba, pezani pogona, ndipo muzikaona malo apafupi amene mungathe kupita ndi kubwerako dzuwa lisanalowe. Mukatero, pemphani tsiku lina lowonjezera kuntchito m'malo monyamuka usiku chikondwerero chitangotha, ndipo ngati zimenezo sizitheka, pakhale dalaivala wachiwiri amene wagona mokwanira komanso sanalawe mowa.