Gadeniboyi wadziwa liti za motherboard?

Abale anga a kuno ku Joni, lero mtima ukundiwawa. Mu shopu yomwe ndimagwira ku Fordsburg mwalowa mnyamata wina akuzunguza makiyi a galimoto pa chala, akufuna timumangire kompyuta ya magemu. Wasankha purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel i5-13400F, kenako n'kuloza motherboard (bodi yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo) ya Z790 ya ASUS ROG, yodula kuposa lendi yanga ya miyezi iwiri. Ndatuluka kuseri kuja ndi sikuludiraiva m'manja, n'kumuuza mwaulemu kuti bwana, purosesa imeneyi ilibe K kumapeto, overclock (kuithamangitsa kuposa liwiro lake la kufakitale) siitheka, ndiye Z790 mungotaya ndalama. Bodi yotsikirapo mtengo ya B760 ikukwanirani, soketi yolowetsamo purosesa ndi yomweyo ya LGA1700, ndalama yotsalayo muonjezere pa graphics card (chipangizo chotulutsa zithunzi) chifukwa masewera amathamangira kumeneko. Wandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kufunsa eni shopu kuti gadeniboyi wanuyu wadziwa liti za makompyuta. Abwana anga aseka. Aseka, anthuni! Mnyamatayo atapita abwanawo andiuza kuti ntchito yanga ndi kumanga, pakamwa ndizitseka.

Bodi yodula ili ndi ntchito yake, sindikukana. VRM yake, gawo lopereka magetsi ku purosesa, imakhala yamphamvu, zitsulo zoziziritsira n'zonenepa, ndiye ukaika purosesa yamphamvu ya i9 n'kumaipanikiza tsiku lonse ndi mavidiyo siitentha msanga. Malo a M.2 oikamo zosungira mafayilo ndi ambiri, madoko a USB mbwee, zina zili ndi kagalasi koonetsa nambala ya vuto makina akakana kuyaka. Amene amadya ndi zimenezo agule. Koma mwana wongofuna kuwombera anzake pa intaneti usiku? Akulipira timagetsi tamitundumitundu kuti anzake aziona. Ku AMD, kampani ina ya mapurosesa, n'chimodzimodzi, munthu amalimbikira bodi yodula ya X670E pomwe B650 imalola ngakhale overclock yomweyo, ndipo zonse soketi yake ndi AM5, zonse zimafuna RAM (memore ya kompyuta) ya mtundu wa DDR5. Ena amabwera ndi RAM yakale ya DDR4 akufuna tiikakamize, ikakana kulowa wolakwa ndi Mmalawi.

Ndiye muziona. Mwezi watha kasitomala anakhotetsa yekha timapini ta mu soketi kunyumba kwake, n'kubweza bodi akukalipa. Anadulidwa malipiro ndani? Ine. Ndinakhala pansi ndi galasi lokulitsira ndi kasingano, ndikuwongola kamodzikamodzi mpaka maso kuwawa, bodi inayaka, anaigulitsanso, ndalama yanga sinabwerere mpaka lero.

Za m'njira mukuzidziwa kale. Ukamapita kokwerera ma taxi ku Bree foni uibise mkati mwenimweni, ukamva mawu oti mapepala mtima umagunda ngakhale uli nawo, mu taxi umangolankhula chapansipansi kuti asakumve chinenero. Mwini nyumba amakweza lendi pomwe bafa tikugawana mabanja atatu. Magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu amaotcha ma power supply (mabokosi opereka magetsi m'kompyuta) a anthu, ndiye wokonza ndi gadeniboyi yemwe uja. Kumudzi nako uthenga pa WhatsApp ndi umodzi: achimwene titumizireni laputopu. Amaganiza kuti kuno makompyuta timatola pansi ngati mango a mu Disembala. Ndipo ifenso Amalawi anzanga, wina akapeza kantchito kabwino sauza mnzake, amabisa ngakhale dzina la msewu.

Koma kuseka kuja ndiye kwandilowa. Mnyamatayo ndi mlendo, sandidziwa, koma abwana amadziwa bwino amene amawachitira update ya BIOS (pulogalamu yoyatsira bodi) bodi ikakana purosesa yatsopano, amene amayatsa XMP kuti RAM ithamange pa liwiro lomwe munthu analipira. Akasowa chochita amandiitana dzina langa bwinobwino. Pamaso pa kasitomala ndasanduka wothirira maluwa. Ngakhale ogwira m'madimbawo, ambiri ndi abale athu, akudyetsa ana ndi thukuta lawo, pali choseketsa chanji pamenepo?

Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, fizi yake imachoka m'manja omwewa. Mayi anga amandifunsa kuti ubwera liti, ine ndimangoti posachedwa mayi, mawu osatuluka bwino. Sindikufuna kudzatchedwa mtchona, ndipo sindikufuna kubwerera m'bokosi kudzera pa Beitbridge monga tawaperekezera anzathu ena. Ndikusunga pang'onopang'ono, ndagula kale multimeter yoyezera magetsi ndi makina osungunulira solder yolumikizira mawaya, zili pansi pa bedi. Ndikufuna kachipinda kamodzi ku Limbe, tebulo, ndi anyamata awiri oti ndiwaphunzitse kumanga makina a sukulu ndi a maofesi pa mabodi wamba a B550 ndi B760, olimba, oti akaonongeka zipangizo zake munthu angazipeze. Mwana akangolemba mayeso a MSCE ndikukwera basi pa Park Station.