Jaji akavula mkanjo n'kukhala loya wa mapatenti

Abale, ku Texas ku America kuli katawuni kena dzina lake Marshall, anthu ake sakwana n'komwe 25,000, koma makampani akuluakulu ngati Samsung ndi Apple akhala akukokeredwa kumeneko pa milandu ya mapatenti, zija zoti luso ili ndinatulukira ndine ndiye iwe ukudyerapo osandilipira. Amene anatchukitsa khoti lakumeneko ndi jaji T. John Ward. Bill Clinton anawaika pampando mu 1999, ndiye atangofika anakhazikitsa malamulo othamangitsa milandu, za bwerani mwezi wamawa kunalibe, mpaka maloya ankawawerengera nthawi yoyankhula ndi wotchi ija ya osewera chess, yako ikatha wakhala pansi basi. Eni mapatenti atamva fungo anakhamukira konko, ena oti sapanga ngakhale singano, ntchito yawo kugula mapatenti n'kumasumira anzawo.

Ndiye mu 2011 a Ward anavula mkanjo, pomwe majaji amtundu wawo ku America mpando ndi wamoyo wonse, n'kukalowa kampani ya maloya ya Ward & Smith ku Longview komwe kunali mwana wawo, kumagwira za mapatenti zomwezo. Jaji mnzawo a Leonard Davis aku Tyler nawo mu 2015 anapita ku kampani ina ya maloya ya Fish & Richardson.

Ine sindikunena kuti anaba kapena anaswa lamulo ayi, musandiike mawu m'kamwa. Malipiro a jaji mu 2011 anali madola 174,000 pachaka, ndi zambiri inde koma loya wapatenti amene akuyankhula pamaso pake amatha kuposa pamenepo kutalitali, ndiye munthu ukuona ndalama zikudutsa pamphuno tsiku ndi tsiku, mtima ndi mtima. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, tonse tikudziwa.

Koma chondivuta ine ndi ichi, kodi kasitomala akamalemba ganyu jaji wopuma amagula chani kwenikweni? Nzeru zamalamulo maloya anzeru ndi mbwee. Amagula munthu wodziwa khitchini yonse, wodziwa kuti jaji uyu amanyansidwa ndi chani, anthu wamba oweruza nawo mlandu aku Marshall amakopeka ndi mawu otani, komanso malamulo amene akutsatidwawo anawakhazikitsa ndi iye mwini. Tangoganizani muli mbali inayo, loya wanu wachokera ku California, mukuona mdala amene mpando uja unali wake akupatsana moni ndi aliyense pakhonde. Olo chilungamo chiyende bwinobwino mungagone tulo inu?

Mu 2017 Supreme Court, khoti lalikulu koposa ku America, inayesako kuchepetsa zosankha khoti mwachisawawazi pa mlandu wa TC Heartland, koma milandu ku Marshall sinathe. Paja Samsung inafika polipirira bwalo losewerera pa ayezi pakati pa tawuniyo, kufupi ndi khoti, dzina lake lili poonekera kuti aliyense wodutsa aliwerenge.