Musawalande khasu agogo

Bambo atamwalira, ife ana tinagwirizana zowatenga amayi kumudzi kuti azikhala nafe m'tauni akapume. Tinkaona ngati tachita zaulemu. Tinawapatsa chipinda chawochawo, chakudya chinkawapeza pampando, ndipo akangogwira tsache tinkathamanga: "Ayi amayi, siyani, pali ana." M'mawa tonse tinkabalalika, a kuntchito, a kusukulu, iwo n'kutsala mumpanda ndi TV yolankhula Chingerezi.

Miyezi ingapo itadutsa, munthu amene ankadziwa malire a munda wa aliyense m'mudzi mwathu anayamba kufunsa tsiku kawirikawiri. Nkhani zinatha. Ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo, akuyang'ana chipata. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti zala zawo zinkayendayenda pachitenje ngati akutongola chimanga, koma chimanga palibe.

Maganizo anga ndi akuti zambiri zimene timazitcha kusamala okalamba zimafooketsa ubongo wawo. Ubongo umafuna ntchito, umafuna anthu, umafunanso magazi oyenda bwino. Tikaulanda zimenezi umayamba kuzilala.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda oiwalaiwala, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati kwa azungu okha ayi. Mu 2024 gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet linatchula zinthu 14 zoonjezera chiopsezo cha matendawa zimene munthu angathe kuzisintha, n'kunena kuti zimakhudza pafupifupi 45 mwa odwala 100 alionse. Pamndandandawo pali kusungulumwa, kusagwiritsa ntchito thupi, kusamva bwino, kusaona bwino, BP, shuga, fodya, mowa wambiri, utsi komanso kuvulala m'mutu. Mukaonetsetsa, zambiri mwa izi zili pakhomo pathu pomwe.

Nkhani ya makutu ndi imene ine ndinaiphonya. Amayi sankayankha tikamacheza pagulu, ife n'kumati akalamba, sakufuna zolankhula. Chonsecho samamva bwino. Munthu akamamva mawu mwa apo ndi apo amatopa kufunsa kuti "mwati chiyani?", amachita manyazi, kenako amangodzipatula. Ubongo umene sukulandira mawu umasowa chogaya. Maso ndi chimodzimodzi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ku Nkhoma, ku Kamuzu Central ndi ku Queens kuli madokotala a maso, koma agogo ambiri amakhala mumdima zaka chifukwa tinavomereza kuti ndi ukalamba basi.

BP nayo siyamba ndi okalamba. Imene ikukwera mwakachetechete munthu ali ndi zaka 45 ndi imene ikuwononga timitsempha ta mu ubongo pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina sitiroko kapena kuiwala. Kuyezetsa sikutenga mphindi zisanu. Mchere woyenera patsiku ndi wosafika magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, koma ife timathira mundiwo, timathiranso pambale, usipa wouma uli kale ndi wake. Ndipo anyamata a kabaza wa njinga zamoto amene chipewa mumachikoleka pachiwongolero, mutu umenewo mudzaufuna muli ndi zaka 70.

Amayi tinawabweza kumudzi, koma osati okha. Mwana wa achemwali anga akukhala nawo. Ali ndi kadimba kawo ka mpiru ndi tomato kufupi ndi chitsime. Sitiwalola kulima ekala yonse, koma kakhasu kawo kali m'manja. Lachinayi amapita ku Mvano wapansi, amaimba nyimbo zonse pamtima, ndipo kubanki m'khonde ndi iwo amene amakumbutsa anzawo amene sanabweze ngongole. Sindikunena kuti kumudzi ndi mankhwala. Matendawa akagwira munthu, dimba siliwachotsa. Koma amayi anga anabwerera m'maso, ndipo ndinaona ndi maso angawa.

Chimene chimandiwawa kuposa zonse ndi mmene timawachitira amene matendawa awagwira kale. Gogo wasochera usiku, wapezeka pakhomo pa eni mbandakucha, mwina wosavala bwino, sakudziwa dzina lake, akuyankhula zosamveka. M'malo momufunditsa chitenje n'kumufunira abale, anthu amatola miyala kuti yagwa mfiti. Ku Neno mu 2016 okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mawuwa amatuluka mosavuta pakamwa pa adzukulu enieni. Timanena kuti akulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo likayamba kuuma ndife oyamba kuliyatsa.

Amene muli ndi makolo m'tauni, asiyireni ntchito ina yawoyawo: asankhe nyemba, aphunzitse mdzukulu kuphika chigumu, agogo aamuna apite kubawo akawerenge nkhomo ndi anzawo. Mukamayankhula nawo, khalani kutsogolo kwawo aone pakamwa panu. Muwaperekeze akayezetse BP ndi shuga, inunso mutambasule mkono wanu akuyezeni. Amene muli ku Joni kapena ku UK, ndalama ya pa foni ndi yabwino, koma imbani, ndipo musangofunsa "mwadzuka bwanji". Afunseni za malire a munda, za mayina a makolo, za njala ya 1949 ngati anaiona, muwasiye afotokoze mpaka mayunitsi athe.

Ine ndikuimba Lamlungu lino. Ulendo watha anandisiyira pakati nkhani ya mmene anakumanirana ndi bambo pachigayo.