Pemphero la Wonyamula Zingwe, Asanapite ku Joni

Abale ndi alongo mwa Ambuye, Loweruka likubwerali ndikunyamuka. Kampani yomwe ndimagwirako ntchito kuno ku Chipata yandituma ku Johannesburg kwa masiku asanu, kukathandiza pa maphunziro a antchito ochokera m'nthambi zosiyanasiyana. Musaganize kuti wokaphunzitsayo ndine, ayi. Aphunzitsi alipo. Ine ndine wa zingwe, wa kaundula wa mayina, woonetsetsa kuti laputopu iliyonse yayaka anthu asanalowe m'holo. Amayi kumudzi nditawauza pa foni anakhala chete kaye, kenako anati, "Joni? Kuja anapita agogo ako aamuna osabwerako kuja?" Usiku womwewo tulo tinandithawa, ndiye ndinadzuka n'kulemba pempheroli. Amene muli ndi ulendo wonga wangawu, kaya ndi wa ku Lilongwe kudzera pa Mwami, kaya ku Nairobi, ikani dzina la malo anu pomwe ndaika langa. Otsalanu, pempherani nafe.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, ndayamba ndi kuthokoza, chifukwa ndikayamba ndi mantha sindimaliza. Ndine mwana wa mlimi wa nsawa ndi thonje. Pasipoti yangayi yakhala zaka zitatu m'pepala la pulasitiki pansi pa sutikesi, yopanda chidindo ngakhale chimodzi, mpaka ndinkachita nayo manyazi. Lero ili pa tebulo, pamodzi ndi tikiti ndi kalata ya kuntchito. Ku ofesi kwathu alipo anzanga ophunzira kundiposa, alipo olankhula Chingerezi chosalala kundiposa, koma dzina lotchulidwa linali langa. Sindikudziwa chimene munaona mwa ine. Zikomo, Ambuye.

Ulendo wanga suyambira m'mwamba, uyambira pa basi m'bandakucha. Mukudziwa msewu wa Great East, makilomita oposa 500 kuchoka kuno kukafika ku Lusaka, ndipo mukudziwa misozi imene yagwera m'mbali mwake. Khalani ndi dalaivala. Mupatseni tulo tokwanira usiku wa Lachisanu, mum'chotsere mtima wopikisana ndi basi inzake. Tidutse Katete, Sinda ndi Petauke mwamtendere. Tikapitirira Nyimba, msewu ukayamba kukhotakhota m'mapiri a Kacholola, gwirani chiwongolero ndinu. Pa mlatho wa Luangwa, pomwe amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, titsike tiwongole miyendo, tikwerenso tonse osasiya mnzathu. Pa Manenekela, pamene okwera amasiya nkhani n'kumayang'ana kuphompho, mabuleki agwire, ndipo malole obwera kutsogolo akhale kumbali kwawo. Tikaone Chongwe dzuwa likadalipo.

Ambuye, mverani pemphero lathu.

Ndeke sindinakwerepo. Ndakhala ndikuziona zikudutsa ngati kadontho pamwamba pa phiri la Kanjala, basi. Akuti kuchokera pa bwalo la Kenneth Kaunda kukatera pa O.R. Tambo ndi maola awiri okha, ochepa kuposa a basi yochoka kuno kukafika ku Petauke, koma mtima wanga ukuopa maola awiriwo kuposa tsiku lonse la pamsewu. Ukhazikitseni pansi. Inu amene munayala thambo, chitsulo chimenechi n'chopepuka m'manja mwanu. Dalitsani oyendetsa ndi amakanika amene amachiyang'ana chisananyamuke, anthu omwe sindidzawaona nkhope. Ndikaima pamaso pa wa imigireshoni, akandifunsa kumene ndikupita, kumene ndikagone ndi tsiku lobwerera, lilime lisamatirire. Ndilibe chobisa, ndiye ndisanjenjemere ngati wakuba. Ndipo sutikesi yanga itsike nane, isapitirire kudziko lina.

Tsopano ndafika pa chimene chandidzutsa, Ambuye: ntchito yeniyeniyo.

Ndayala pakama zonse za m'chikwama. Chingwe cha pulojekita, china chapadera ngati choyambacho chikana. Mafulashi awiri okhala ndi maphunziro onse. Mapepala a mayina. Mabatire. Ndi kachipangizo kolumikizira pulagi, chifukwa anzanga andichenjeza kuti masoketi ambiri a kumeneko ndi a mano atatu obulungira, akuluakulu, osati a makona ngati athu kuno. Kanthu kakang'ono kotere, kokwana m'chikhatho, kakaiwalika ndiye kuti anthu makumi atatu akhala chete kuyang'ana khoma loyera. Ndayika dzanja langa pa zonsezi. Ena angaseke kuti munthu akupempherera zingwe. Asekeni, koma Inu munadalitsapo timikate tisanu ta kamnyamata, simunyoza zazing'ono.

Mukukumbukira za chaka chatha ku Lusaka. Maphunziro atangoyamba, pulojekita inazima. Ndinagwada pansi pa tebulo, siketi ili fumbi lokhalokha, ndikuzula chingwe ichi, kulowetsa icho, thukuta likutsika m'khosi. Amene ankaphunzitsa tsiku limenelo anandidzudzula pa maikolofoni, anthu onse akumva. Vuto linali soketi ya pakhoma, silinali langa, koma palibe anabwera kudzapepesa. Ndinakalirira kuchimbudzi. Ndavomereza pamaso panu kuti mpaka lero kamtima kaja ndikadali nako. Kachotseni ndisanakwere basi, ndisakanyamule kupita nako kwa eni. Ndawakhululukira; pomwe kukhululuka kwanga kwaperewera, onjezerani ndinu.

Ndiphunzitseni kukhala ngati Aroni ndi Huri, amene anaima wina uku wina uku n'kuchirikiza manja a Mose mpaka dzuwa kulowa. Nkhondo ija sanaimenye ndi lupanga, koma akanatopa n'kusiya, Israeli akanagonja. Ntchito yanga ndi yotero. Ikayenda bwino palibe amene adzadziwe kuti ndinalipo. Lachisanu m'manja adzawombera aphunzitsi, chithunzi adzajambula mabwana, mwina ine ndidzakhala wogwira kamera. Ndipatseni mtima woti zimenezo zindikwanire. Ndikudzidziwa, Ambuye, ndimakonda kutchulidwa dzina. Ndichiritseni.

Ndifike m'holo aliyense asanafike. Ndiyese chilichonse kawiri. Intaneti ikadukaduka, mundipatse nzeru yachangu ndi nkhope yosatekeseka. Dalitsani aphunzitsi athu, mawu awo amveke, asathamange kusiya ena m'mbuyo. Ndipo tsegulani maso anga ndione uja wakhala kumbuyo, bambo wachikulire amene wagwira ntchito zaka zambiri ndi cholembera ndi buku la malisiti, lero akumuuza kuti zonse zilowe mu kompyuta. Zala zake zikuopa mabatani, ndipo sangakweze dzanja pamaso pa ana obadwa dzana. Ndipite kwa iye mwakachetechete, ndigwade pambali pake, ndimuonetse kachitatu, kachinayi, osapumira m'mwamba, osamulanda mausi m'manja. Ndikudziwa kuwawa kwa kunyozeka pagulu, ndisakam'patse wina.

Ndikumbutseni chifukwa chake tikuphunzira zimenezi. Pulogalamu yatsopano ya pa kompyuta imene tikukaphunzirayi ndi imene izilemba makilo pa sikelo ndi kutumiza malipiro pa foni za alimi. Kalaliki akaphunzira mwatheka, akaika kadontho polakwika, wolira si ife ogona m'hotela. Wolira ndi mayi wamasiye wa ku Chadiza kapena ku Lundazi amene wakankha matumba a soya pa njinga kuchokera kumudzi, akuwerengera ndalamazo kuti agule feteleza ndi kutumiza mwana ku sekondale. Inu mumadana ndi sikelo yonyenga. Tisakhale onyenga chifukwa cha ulesi kapena kuwodzera nthawi ya masana titakhuta.

Ambuye, mverani pemphero lathu.

Za Chingerezi changa mukuzidziwa. Polemba chimayenda, koma ndikaima pamaso pa anthu achilendo "l" ndi "r" zimasinthana malo, ndipo ndikaona wina akumwetulira ndimangofuna nthaka itandimeza. Mose nayenso anadandaula za pakamwa pake, simunamusiye. Ndikapanda kumva, ndifunsenso, ndisangogwedeza mutu.

Pali nkhani ina yovuta kuitchula pagulu, koma ndiitchula: alawansi. Andipatsa ndalama za chakudya ndi zoyendera, ndipo ndikabwera ndidzapereka malisiti. Mukudziwa manong'onong'o a m'maofesi, akuti wochenjera amadya buledi ndi madzi masiku onse, n'kupeza lisiti la thekisi imene sanakwere. Mukudziwanso kuti ngongole ndili nazo, lendi ikundidikira. Sungani manja anga. Chimene ndapatula mwachilungamo chikhale changa mosabisa, chimene chili cha kampani chibwerere ku kampani mpaka randi yomaliza. Ndipo ndipatseni mawu abwino oyankhira abale. Chimvekereni za ulendowu foni yanga sikupuma: wina akufuna nsapato, wina foni, alamu anga akuti jekete lachikopa, ngati kuti ku Joni katundu amatola pamsewu. Ndimawakonda, Ambuye, ndipo ena a iwo anandilipirirako sukulu. Ndisawanyoze, koma ndisalowenso m'ngongole pofuna kuoneka bwana. Kamphatso kakang'ono kalandiridwe ndi mtima waukulu.

Madzulo ndi amene ndikuwaopa kuposa masana. Chitseko cha hotela chikatsekeka, kulibe mwana wolira, kulibe wa pakhomo loyandikana wodzapempha mchere, kulibe wa kumpingo wondidziwa. Munthu amaganiza kuti palibe akumuona. Inu mumaona. Danieli anatengedwa kukaphunzira ku nyumba ya mfumu ku Babulo, anaphunzira zonse za kumeneko, koma anadziwa chimene sangaike m'kamwa mwake. Ndipatseni mtima umenewo. Anzanga akati tiyeni tikaone tauni, ndidziwe popita ndi pobwerera. Mphete ili pachalayi ikhale yolemera chimodzimodzi kuno ndi uko. Wina wa udindo akayamba nthabwala zopitirira malire, ndikhale ndi mphamvu yokana mwaulemu koma momveka, ngakhale ndi iye wosayina mapepala anga.

Munditeteze m'misewu ya mzinda umenewo. Sitinaiwale 2019, pamene alendo anaukiridwa ndi kuwotcheredwa mashopu, mpaka timu yathu ya mpira inakana kusewera ndi timu ya kumeneko. Koma ndisapite ndi chidani m'thumba. Ambiri mwa anthu a kumeneko ndi ovutika ngati ife, odzuka usiku kukakwera minibasi, ofuna ntchito osaipeza. Adalitseni. Ndipotu ndi abale athu: makolo a Angoni anachokera komweko, n'kuwoloka Zambezi mu 1835 ali ndi Zwangendaba. Ndikakamva woperekera tiyi akuti "nkosi", ndidzakumbuka ku Mtenguleni pa Nc'wala. Ndim'patse moni woyeretsa m'holo ndi mlonda wa pageti monga ndingapatsire azakhali anga. Kwa eni kulibe mkuwe, ndiyende modzichepetsa. Akutinso mwezi uno wa Juni kumeneko kumazizira kuposa kuno, ndiye thupi langa lisagwidwe chifuwa, ndipo m'mimba mulandire chakudya chachilendo. Ndamva kuti nawonso ali ndi nsima yawo, amaitcha pap. Pa chimenechonso, zikomo.

Atate, ndikubweretsa kwa Inu agogo anga aamuna, amene sindinawaone. Anachoka pamudzi tauni ino ikadali Fort Jameson, wapansi, kabulangeti paphewa, kudzera ku Harare, akuti akukafuna ndalama ya msonkho ndi ya ng'ombe. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Agogo aakazi anamwalira akuyang'anabe kunjira. Manda awo sitiwadziwa, Inu mukuwadziwa. Mtunda umene iwo anayenda miyezi, ine ndiuyenda masiku awiri, tikiti yobwerera ili m'manja. Tonthozani amayi anga, amene mawu oti Joni amawatsegula chilonda. Kumbukirani matchona onse, akale ndi alero, amene anapita kukagwira ntchito n'kuchita manyazi kubwerera chimanjamanja. Alipo wina amene akuwerenga pempheroli ali kutali, sanaimbe foni kwawo zaka. Mufewetseni mtima usiku uno, ayimbe.

Ndikusiya nyumba m'manja mwanu. Mwana wanga wamng'ono sanagonepo popanda ine; akadzuka usiku, atate ake akhale ndi chipiriro, ndipo malungo apite kutali. Wamkuluyo asajombe kusukulu poti amayi kulibe. Amayi asaiwale mapiritsi awo a BP. Mnzanga amene atsale akugwira ntchito yanga pamwamba pa yake mum'patse mphamvu, ndipo ngati mumtima mwake muli kuwawa kuti bwanji sanasankhidwe iye, musalole kuti tidane. Ulendo wina ukhale wake, ine ndidzam'bwereka kachipangizo ka pulagi kaja. Zimene ndikaphunzire ndisadzazibise m'kabati kuti ndizioneka wofunika ndekha. Ndidzazigawe kwa onse a mu ofesi, kuyambira kwa kalaliki wa pa sikelo.

Mlendo ndi mame, Ambuye, sachedwa kukamuka. Masiku asanu akatha, ndipinde zingwe zanga, ndiwerenge malaputopu akwane, ndibweze makiyi. Mundidutsitsenso m'mwamba muja, mundidutsitsenso pa Manenekela ndi pa Luangwa, pomwe ndalonjeza kugulira amayi nsomba. Basi ikadzatsetsereka n'kudutsa pa chipata cholowera m'tauni yathu, mapiri aja akadzaonekera, ndidzatsike pa siteshoni ndi miyendo yanga iwiri, ndikwere njinga yopita kunyumba, ndipo Lamlungu lotsatira ndidzapite kumudzi amayi akandigwire ndi manja awo, aone kuti wa ku Joni wabwera.

Ndapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye wathu.

Ameni.