Chenjezo: lekani kumeza mavitamini mwachimbulimbuli

Abale athu a ku Malawi okhala muno mu Johannesburg, amayi, abambo, ndi inu ana athu amene munabwera kudzasaka, tamverani. Khalidwe limene lafala pakati pathu pa nkhani ya mavitamini ndi mankhwala oti n'ngowonjezera thanzi lafika poipa. Munthu walandira malipiro, sanayezetse magazi, sanafunse namwino, wangomva pa gulu la WhatsApp kuti botolo lakutilakuti "limatsuka magazi" ndi kutalikitsa moyo, basi marandi atuluka. Wina akugula pa tebulo la m'mbali mwa msewu cha ku Park Station kapena ku renki ya Bree, mabotolo ataswera padzuwa. Wina akumwa mitundu isanu pakamodzi, osadziwa kuti itatu mwa iyo muli chinthu chimodzimodzi. Chiwindi ndi impso zimene mukuzisenzetsa katundu ameneyu n'zanu zomwe. Safunsa anadya phula.

Chotsani kaye m'mutu zoti kuli piritsi lotalikitsa moyo. Mu 2024 akatswiri a ku America anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu pafupifupi 390,000 amene anawatsatira kwa zaka zoposa 20. Omwa multivitamin tsiku ndi tsiku sanakhale moyo wautali kuposa osamwa. Mapiritsi ena anachita kuvulaza kumene. Ku Finland mu 1994 anapeza kuti abambo osuta fodya amene ankapatsidwa beta-carotene, chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A, anadwala khansa ya m'mapapo kuposa anzawo. Mu 2011 kafukufuku wina anasonyeza kuti vitamini E wa 400 IU (IU ndi muyeso wa mavitamini ena wolembedwa pa botolo) tsiku lililonse anawonjezera khansa ya prostate mwa abambo. Ntchito ya za m'botolo ndi kuthira pamene thupi lapereweredwa, ndipo kuti lapereweredwa amadziwa ndi wopima magazi, osati wogulitsa. Komanso kuno ku South Africa, kuyambira mu 2003, lamulo limafuna kuti mu ufa wa chimanga ndi wa buledi aziikamo vitamini A, mavitamini a gulu la B, folic acid, ayironi ndi zinki. Nsima ya ufa wa m'shopu imene mumadya ili nazo kale zimenezi.

Alipo ofunikiradi kumwa. Mayi amene akufuna kutenga pakati ayambe folic acid asanaime, osachepera 400 mcg pa tsiku, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimaumbika m'masiku 28 oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Ku sikelo amapereka folic acid, ayironi ndi kashiamu. Imwani momwe anamwino anenera, musasinthanitse ndi za mnzanu wa malonda. Amene wakhala zaka zambiri akumwa metformin wa shuga, ndi agogo amene akalamba, ayezetse vitamini B12, chifukwa akachepa miyendo imachita dzanzi ndipo munthu amayamba kuiwalaiwala. Amene akumwa isoniazid wa TB amapatsidwa vitamini B6, kawirikawiri 25 mg, kuti mitsempha isawonongeke. Koma B6 yemweyo mukamamwa wochuluka, woposa 100 mg pa tsiku kwa miyezi, amabweretsa dzanzi lomwelo m'manja ndi m'mapazi. Amapezeka mu multivitamin, mu B-complex, ngakhale mu zakumwa zina zopatsa mphamvu, ndiye muziwonkhetsa zonse pamodzi.

Tsopano pa kuwerenga botolo, pamene ambiri mumagwera. Nambala yaikulu yolembedwa kutsogolo si imene imalowa m'thupi. Tembenuzani botolo, mufune mawu akuti elemental, amene amasonyeza kuchuluka kwenikweni kwa chinthucho m'piritsimo. Piritsi la ferrous sulphate kapena ferrous fumarate la 200 mg lili ndi ayironi weniweni pafupifupi 65 mg, pamene ferrous gluconate wa 300 mg ali ndi 35 mg yokha. Mitundu yotchipayi imagwira ntchito bwinobwino. Musanamizidwe kuti yodula ndiyo yokweza magazi. Chimene chimalepheretsa ndi kamwedwe. Mumameza ayironi ndi tiyi wamkaka m'mawa, kenaka mukudandaula kuti magazi sakukwera. Tiyi, khofi ndi mkaka zimamanga ayironi kuti asalowe. Imwani ndi madzi kapena pamodzi ndi lalanje, ndipo tiyi adikire ola limodzi kapena awiri. Chimbudzi chikada musachite mantha, ndi momwe ayironi amachitira. Mukadzimbidwa kapena kuchita mseru, bwererani kwa namwino, angathe kukusinthirani kuti muzimwa modumphitsa tsiku, musangosiya mwakachetechete.

Inu abambo, ayironi si wa aliyense. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wochuluka, limangomuunjika m'chiwindi ndi mumtima. Kutopa kwa ntchito ya usiku sikutanthauza kuti magazi achepa. Yezetsani Hb, wosonyeza kuchuluka kwa magazi, ndi ferritin, wosonyeza ayironi wosungidwa m'thupi. Ndipo bambo kapena mayi wosiya kusamba akapezeka ndi magazi ochepa, funso ndi lakuti magaziwo akutayikira kuti. Zilonda za m'mimba ndi khansa ya m'matumbo zimabisala mmenemo, ndipo mukaphimba ndi mapiritsi mumachedwetsa kuzipeza.

Kashiamu naye ali pawiri. Calcium carbonate wa 1,250 mg amapereka 500 mg, ndipo amafuna kumwera pa chakudya kuti asungunuke. Calcium citrate amalowa ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu, n'chifukwa chake amayenera okalamba ndi omwa mankhwala a chilungulira monga omeprazole. Musapitirire 500 mg pa nthawi imodzi, thupi silitha kutenga zambiri pakamodzi. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi 1,000 mg pa tsiku kuphatikiza ya m'zakudya, ndipo usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi minga, mkaka, ndi amasi a kuno zimapereka gawo lalikulu. Kashiamu ndi ayironi musamwere limodzi, zimalimbana. Zitalikirane maola anayi.

Vitamini D sankhani D3, mumwere pa chakudya cha mafuta pang'ono. Muyeso wa munthu wamkulu ndi 600 mpaka 800 IU, ndipo 4,000 IU ndiwo malire. Johannesburg ndi mzinda wadzuwa, koma alonda ogona usana ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu amatha kusowa dzuwalo, ndipo khungu lakuda limapanga vitaminiyu pang'onopang'ono. Amenewa ayezetse. Chimene tikuletsa ndi kutenga kapisozi wa 50,000 IU, amene dokotala amalemba kuti azimwedwa kamodzi pa sabata, n'kumameza tsiku lililonse. Vitamini D ndi A sizituluka ndi mkodzo, zimasungika m'thupi. D wochuluka amakweza kashiamu m'magazi n'kuwononga impso. A woposa 10,000 IU pa tsiku angathe kupundula mwana m'mimba.

Magnesium oxide ndi wotchipa koma amalowa pang'ono, wotsalayo amatsegula m'mimba. Citrate amalowa bwino, ndipo 350 mg ya m'mapiritsi ndi yokwana. Wodwala impso asayerekeze popanda dokotala. Zinki asapitirire 40 mg pa tsiku. Mafuta a nsomba olembedwa 1,000 mg nthawi zambiri amakhala ndi EPA ndi DHA, mafuta ofunikirawo, 300 mg yokha, ndipo chitini cha pilchards kawiri pa sabata chimakupatsani zimenezo pa mtengo wotsika.

Mavitamini amene mukugula akhale a piritsi wamba kapena kapisozi. Aja osungunula m'madzi, otulutsa thovu, amakhala ndi sodium wambiri, chinthu chomwe chili mu mchere, ndiye wa BP amene amamwa m'mawa uliwonse akudzikwezera yekha matenda. Aja otafuna okhala ngati maswiti ali ndi shuga ndipo ana amawasakasaka. Madiripi ndi jakisoni wa mavitamini kwa munthu amene amadya ndi kugaya bwino alibe phindu, koma chiopsezo chilipo: singano yobayira m'chipinda cha kuseri kwa saluni ingathe kulowetsa majeremusi m'magazi. Vitamini C thupi limafuna wosafika 100 mg pa tsiku, gwafa limodzi lakwana. Kupitirira 2,000 mg ndi kuitana kutsegula m'mimba ndi miyala ya mu impso.

Apa tsopano mumvetsetse, inu amene muli pa ma ARV ndi inu amene mumagulira abale anu. Mu TLD, piritsi la ma ARV lomwa kamodzi pa tsiku, muli mankhwala otchedwa dolutegravir. Kashiamu, ayironi, magnesium, zinki ndi mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminium zimagwira dolutegravir m'matumbo, osalowa mokwanira m'magazi. Munthu akumwa mankhwala ake mokhulupirika, osadumphitsa, koma kachilombo kakuchulukana chifukwa cha multivitamin amene wameza limodzi m'mimba muli njala. Lamulo lake ndi ili: imwani TLD, padutse maola awiri, kenaka mumwe zinazo; koma ngati mwayamba ndi zinazo, padutse maola 6 musanamwe TLD. Kashiamu kapena ayironi angathe kumwedwa nthawi imodzi ndi TLD pokhapokha mukudya chakudya, koma mankhwala a chilungulira aja ayi. Chitsamba cha St John's wort, chimene amagulitsa kuti n'chochotsa nkhawa, chimafooketsa ma ARV, mapiritsi olera ndi warfarin, woletsa magazi kuundana. African potato ndi cancer bush, zimene zili paliponse kuno, musaziphatikize ndi ma ARV musanafunse ku kiliniki. Ayironi ndi kashiamu amafooketsanso mankhwala opha majeremusi a ciprofloxacin ndi doxycycline, komanso mankhwala a chithokomiro. Womwa enalapril wa BP asawonjezere potassium payekha. Ndipo ngati mumamwa biotin wa tsitsi ndi zikhadabo, nenani musanapimidwe magazi, chifukwa amasokoneza zotsatira za chithokomiro ndi za mtima. Mukamabisa kwa dokotala zimene mukumwa, adzakusinthirani mankhwala abwinobwino poganiza kuti alephera.

Zochititsa manyazi kwambiri ndi zogula mobisa. Makapisozi ndi khofi wa "mphamvu za abambo" olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha akhala akupezeka ndi sildenafil, amene ali mu Viagra, wosalembedwa pa paketi. Kwa bambo womwa mankhwala a mtima a gulu la nitrate, BP imagwa mwadzidzidzi ndipo angathe kufa. Timadzi tonenepetsa ndi tokulitsa mahipi nthawi zambiri timakhala ndi cyproheptadine, wogonetsa tulo, amene wavulazapo chiwindi mwa ena. Tiyi wambiri wochepetsa thupi amakhala ndi senna, chitsamba chotsegula m'mimba; chimene chimatsika pa sikelo ndi madzi. Atsikana athu, jakisoni wa glutathione woyeretsa khungu musamulole m'thupi mwanu. Mukaona maso achita chikasu, mkodzo wada, thupi likuyabwa, siyani zonse mupite kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mabotolo onse.

Gulani ku famase yodziwika, kumene mungathe kufunsa wa mankhwala popanda kulipira. Onani tsiku lothera ntchito, nambala ya batch, dzina ndi adiresi ya opanga, ndi chidindo chosatsegulidwa. Pa mabotolo ambiri a kuno pamalembedwa kuti mankhwalawo sanawunikidwe ndi SAHPRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala. Mawu amenewo akutanthauza kuti boma silinatsimikizire ubwino wake kapena zimene akulonjezazo. Botolo lolonjeza kuchiza shuga, BP, khansa ndi HIV pakamodzi ndi la wakuba, ngakhale wogulitsayo akhale wa mpingo wanu.

Inu otumiza katundu kumudzi, musatumizire amayi anu mabotolo musanadziwe mankhwala amene akumwa kale. Katundu wa matransipota amayenda masiku angapo kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, m'kutentha koopsa, pamene ambiri mwa mankhwalawa amafuna malo osapitirira madigiri 25. Makapisozi a mafuta a nsomba amafika atamatana ndi kununkha, ndipo otero ndi otaya. Ngati adokotala a kumudzi anenadi kuti pakufunika chakutichakuti, tumizani cha piritsi louma, mulembe kamwedwe kake m'Chichewa pa pepala, mumate pa botolo.

M'zipinda zathu za lendi, mmene ana amafikira paliponse, ayironi asakhale pa windo kapena m'chikwama cha mayi. Mapiritsi ochepa a munthu wamkulu angathe kupha mwana wamng'ono, ndipo choopsa chake n'chakuti mwana amasanza, kenaka amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka. Musamusanzitse, musamupatse mkaka n'kudikira kuche. Thamangirani naye kuchipatala ndi botolo lake, ndipo muli pa njira imbani nambala ya za poizoni ya kuno, 0861 555 777, imene imayankhidwa usana ndi usiku.