Za ma seva kuno ku Joni zikundiwawa

Abale amene mukugwira ntchito za makompyuta kuno ku Joni, inu mukupirira bwanji? Ine ndimayang'anira seva (kompyuta yosunga ndi kuyendetsa zinthu za kampani) ndi intaneti pa kampani ina yaing'ono yogulitsa masipeya a galimoto ku Johannesburg, abwana akufuna seva isamagwe, akufuna firewall yolimba (chotchinga akuba a pa intaneti kuti asalowe mu netiweki), koma ukangotchula ndalama nkhope imasintha nthawi yomweyo.

Ndinawauza bwinobwino kuti geni ya saizi yathu sifunika zodula. Timakompyuta tiwiri tating'ono, kuikamo pfSense kapena OPNsense, mapulogalamu a firewall omwe ndi aulere, kutilumikiza ndi CARP, njira yoti kamodzi kakafa kanzake katenge IP (adiresi ya pa netiweki) pompopompo makasitomala osadziwa n'komwe. Kenako laini ziwiri za intaneti, fibre ndi LTE (ya netiweki ya foni), ngakhale kachipangizo ka MikroTik kotchipa kamatha kusinthira kokha fibre ikaduka. Basi. Koma kunabwera mkulu wina wa suti ndi kotesheni ya chi firewall chomwe layisensi yake umalipira chaka ndi chaka, ukasiya kulipira ma update achitetezo amaima, ndiye abwana kumumvetsera iyeyo mpaka kumupangira khofi, ine amene ndimadziwa waya aliyense wa mu ofesimo kundiuza kuti ndikaone printer. Chifukwa choti ndine Mmalawi eti? Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Ndipo mkuluyo za magetsi sanatchule olo pang'ono, pomwe vuto lenileni la kuno ndi limenelo. Amene tinalipo 2023 tikukumbukira Stage 6 ya Eskom (kampani ya magetsi ya kuno), magetsi kuzima kangapo tsiku limodzi, mabatire a UPS wamba aja (timabokosi topatsa makompyuta moto magetsi akazima) samapeza mpata wodzadza ndiye amangofa msangamsanga. Nayo LTE sikuti ndi mpulumutsi, ma tawa a foni amadalira mabatire ndipo akatha kapena akabedwa netiweki imapita limodzi ndi magetsiwo. Ma seva awiri pa soketi imodzi mu chipinda chimodzi si failover (ina kupitiriza ntchito inzake ikagwa) ayi, kuli ngati kusunga chimanga chonse mu nkhokwe imodzi. Ndalama zoyamba zimayenera kupita ku inverter ndi batire la lithium, kenako backup yosungidwa kunja kwa ofesi yomwe mumayesa kuibwezeretsa nthawi ndi nthawi kuti muone ngati ilidi yamoyo.

Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji, inamenyedwa ndi ransomware (pulogalamu ya akuba yotseka mafayilo mpaka ulipire) mu July 2021 mpaka ntchito pa doko la Durban kusokonekera, nanga ife tili ndi mafoni ndi ma adiresi a makasitomala pa seva imodzi yakalekale? Lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu lilipo, chindapusa chake chimatha kufika R10 million, izi ndinawauzanso abwana koma anangoti tiona.

Koma zinthu zikavuta Lamlungu usiku amaimbira ine, osati wa suti uja. Ndimadzuka, kulipira ndekha thiransipoti kudutsa m'misewu yoopsa, ovataimu kulibe, ndipo sungayankhe mokweza chifukwa pemiti yako ili pa dzina la kampani yomweyo komanso kumudzi ana akudikira fizi. Amene munakwanitsa kuwatembenuza mtima abwana otere kuti agule kaye batire asanagule chibokosi chodula, chonde ndiuzeni munawayamba bwanji, kotesheni ya mkulu uja akufuna kuisainira mwezi uno.